Matalala a pa Sondo

Ndikadutsa pa chigafa n'kumva fungo la fodya wofota, ndimaima n'kukumbuka tsiku lina la Sondo.

Ndinali wamng'ono, kwathu ku Kapichila. Fodya anali atakhwima, mitambo itada, koma adada anakana kuthyola chifukwa linali tsiku la Sondo. Tili m'chalichi, matalala analila pa malata mpaka tinasiya nyimbo pakati.

Kumunda tinapeza masamba ali zibowo zokhazokha, akununkha uwisi m'matope.

"Mulungu sagona," anatelo adada, chipewa chili m'manja.

"Ndiye kuti waona zonse," anayankha amama motopa.

Amama anavula nsapato zawo za kuchalichi, nandipatsa kuti ndigwile. Kenaka anawelama n'kuyamba kutola masamba ong'ambikawo, akung'ung'udza nyimbo ija tinaisiya pakati.