A Tcheya akusinthanitsa Tadala ndi Esinati

Usiku wathawu ndinalota zoti mpaka pano zikundinyansa, ndiye ndati ndikufotokozereni inu anzanga amene tinkasewera limodzi ntchemberembaye kalelo, mwina wina andimasulire.

Poyamba mudziwe chimene chilipo. Ku timu imene ndimaphunzitsa kuno ku Balaka tili ndi mtsikana woponya zigoli, dzina lake Tadala. Ndinamupeza ndekha akuponya mpira wachikulunga m'ndowa yobooka kuseri kwa sukulu. Ndi wamtali ngati nsungwi ndipo dzanja lake ndi lofewa, koma akadali mwana, masapota akayamba kukuwa miyendo imamunjenjemera. Tsopano a Tcheya athu akufuna timupereke ku timu ina ya ku Blantyre, iwo atipatse Esinati. Inde, Esinati yemwe uja ankatigoletsa ife tisanabereke n'komwe. Akuti dzina lake lidzadzaza bwalo ndipo chikho cha chaka chino tidzatenga. Komiti ikumana Loweruka. A Tcheya amenewa mpira anaudziwira pashopu yawo ya simenti, mpaka lero amandifunsa chifukwa chake atsikana sathamanga nawo mpirawo akaugwira.

Ndiye m'malotomo ndinapezeka ndili pabwalo lathu, dzuwa lili paliwombo. A komiti onse anali atakhala pamipando ya pulasitiki pakati penipeni pa bwalo, atavala yunifolomu ya atsikana pamwamba pa majekete. Ya a Tcheya inali itathina, mimba ili panja, koma panalibe woseka. Ine ndinaima pambali ndi wezulo m'khosi chifukwa mpando wanga panalibe.

Kenako inalowa minibasi m'bwalo momwemo, ikufufuta mizere imene atsikana anavutika kulemba ndi phulusa. Anatsika bambo wina wa timu ya ku Blantyre, wamafuta m'tsitsi, ndipo anatsitsa wilibala. Mu wilibalamo munali Esinati, atavala magalasi akuda, atakumbatira zikho zake zakale, zina zadzimbiri. Azimayi anayamba nthungululu. A Tcheya anagwada pomupatsa moni, chinthu chimene sachita ngakhale kwa apongozi awo.

Esinati atandiona anandipatsa jumbo. Anati, "Mundisungireko achemwali, musaike padzuwa."

Nditasuzumira, munali mawondo ake awiri, okulungidwa m'bandeji, akununkha mankhwala opaka. Ndinapita nawo kwa a Tcheya n'kuwatsegulira jumboyo.

"A Tcheya, munthu mukumufunayu mawondo ake ndi awa."

Iwo sanayang'anemo n'komwe. Anati, "Mayi, ife tikufuna dzina. Za mawondo tidzaona m'tsogolo." Anatenga jumboyo n'kuikankhira pansi pa mpando.

Ndiye a Tcheya anati Esinati ndi Tadala ayesedwe. Anayamba Esinati, osatsika mu wilibala. Azibambo awiri a m'komiti anagwira mtengo wa golo n'kuuweramitsa ngati phesi mpaka ling'i yoponyamo mpira inafika pachifuwa pake, iye n'kungoikamo mpira ngati akuika tomato m'dengu. Kuwomba m'manja kwake, mukanati mvula ya matalala padenga la malata. Koma ndinene chilungamo. Atautaya mtengowo n'kuwongoka, Esinati anaponyanso ali chikhalire, osavula magalasi, ndipo mpira unalowa osakhudza chitsulo. Dzanja akadali nalo mayi uja. Zinandiwawa ngakhale kutuloko.

Kenako anaitana Tadala. Anabwera wopanda nsapato, atavala diresi ya kusukulu. Nthawi yomweyo bwalo linadzaza anthu, ena m'mitengo, ena padenga la tchalitchi, onse akukuwa. Ndinaona miyendo yake ikuyamba zake zija. Mtengo wa golo nawo unayamba kutalika, kupitirira mibawa, mpaka ling'i inangooneka ngati mphete. Ndinamuuza zimene ndimamuuza masiku onse, kuti apume kaye, ayang'ane ling'i basi, anthuwo ndi mphepo chabe. Anapuma. Anaponya.

Anzanga, mpira umenewo unanyamuka bwino. Unakwera mowongoka, ukuzungulira pang'onopang'ono monga ndimafunira, ndipo sunatsike. Tonse makosi m'mwamba, kudikira. Phokoso lonse lija linatha, ndinkangomva wilibala ikulira Esinati akamatembenuka.

A Tcheya ndi amene anayamba kutopa. Anati, "Mwaonatu mayi, vuto la ana ndi limeneli. Tidikire mpaka liti? Mwina ulowa, mwina sulowa. Mwina mawa timva kuti mwini wakeyo ali ndi pakati."

A komiti onse anagwedeza mitu ngati agulo pamwala. Anthu oti sanabwerepo ngakhale tsiku limodzi kudzaona atsikana akukonzekera, koma pa nkhani ya pakati aliyense anali katswiri. Ine ndinawafunsa kuti akuweruza bwanji mpira usanatsike, koma mawu anga ankatuluka ang'onoang'ono ngati a mwanapiye. Bambo wa ku Blantyre uja anangoyang'ana kumwamba, kumwetulira, n'kutulutsa nsapato zatsopano m'thumba la jekete. Pagulu lonselo iye yekha ndi amene ankadziwa chimene akutenga.

Ndiye ndinati ndiimitse zonse. Ndinaika wezulo pakamwa n'kuuzira ndi mphamvu, koma m'malo molira munatuluka ngumbi, zambirimbiri. A komiti anadzuka m'mipando n'kuyamba kutola, kuthothola mapiko, kuponya m'kamwa. A Tcheya anafunsa ngati pali wotsutsa zosinthanitsazo, ndipo panalibe, poti aliyense anali akutafuna. Nkhani inathera pomwepo.

Kenako sitinalinso pabwalo, tinali pa depoti. Tadala anali atakhala kale m'minibasi pafupi ndi zenera, nsapato zija atazifumbatira, osazivala. Ndinapita pazenerapo n'kumuuza kuti atsike. Ndinamuuza kuti anthu amenewo ali ndi oponya zigoli awoawo, akakamukhazika pabenchi chaka chonse mpaka dzanja likaume, ndipo akadzatopa naye adzamubweza ngati botolo lopanda kanthu.

Anandiyang'ana bwinobwino, osanjenjemera. Anati, "A Kochi, nonse mwayankhula. Ine ndikufuna ndikaone bwalo la simenti."

"Wakuuza zimenezo ndani?"

"Palibe. Kungoti palibe amene wandifunsa."

Ndisanamuyankhe, kondakitala anandigwira dzanja. Anati ndikwere, mpando wanga uli kumbuyo. Ndinamuuza kuti ine sindikupita kulikonse, ndangoperekeza. Iye anayang'ana kwa a Tcheya, amene anali ataima pamthunzi akukukuta chimanga chootcha, yunifolomu ija akadali nayo m'thupi.

A Tcheya anati, "Kwerani mayi, tinagwirizana kale. Anzathuwa anadandaula kuti mwanayu ndi wowonda, ndiye tawaikira basela."

Ndinawafunsa kuti basela wake ndi uti. Anandiloza ndi chitsononkho. Ndinawafunsanso kuti nanga timu aziphunzitsa ndani, iwo anati mlamu wawo, poti amaonera mpira kwambiri pa kanema. Kondakitala anandikankhira mkati, anandipanikiza pakati pa madengu a usipa ndi tayala, ndipo bambo wa ku Blantyre uja anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga mayi amene wapatsidwa tomato wowola pamwamba pa mulu. Chitseko chinatsekedwa mwamphamvu.

Ndinadzidzimuka. Anali a neba akugogoda kuti madzi abwera pampopi, ndifulumire asanasiye. Ndatunga madziwo nditakwiya, ndipo ndikulemba izi ndikadali wokwiya.

Tsono mundiuze, anzanga, maloto amenewa akutanthauza chiyani? Loweruka ndikalimbane nawo a komiti, kapena ndizingowayang'ana akudzipusitsa? Tadala abwera kokonzekera masana ano ndipo sindikudziwa ngati ndimufunse maganizo ake, chifukwa akakayankha ngati mmene wayankhira kutuloko, ine ndikalowa mumsonkhano uja ndilibe choimirira. Amene amadziwa kumasulira maloto andithandize. Koma amene akufuna kundiuza kuti ndinadya nyemba zambiri madzulo asavutike, alowe m'komiti ya a Tcheya, malo alipo.