Thabwa la Banja m'Bwato la Che Rajabu

Amuna anga, Che Rajabu, ndi munthu woti mukawafunsa funso, yankho limabwera inu mutaiwala kale chomwe munafunsa. Ndinalowa m'nyumba mwawo ndili mtsikana, tabereka ana ndi kuwakwatitsa, ndipo mpaka chaka chatha ndinkati ndikuwadziwa. Ine ndine Sauda, ndimagulitsa tiyi ndi zitumbuwa padoko la Kachulu. Pakamwa panga palibe amene sapadziwa, moti anthu amati Mulungu anatenga mawu a Che Rajabu n'kundiwonjezera ine.

Ntchito yawo ndi kuwolotsa anthu kupita pachilumba cha Chisi. Bwato lawo ndi la matabwa, lopanda injini. Amaima kumbuyo n'kumalikankha ndi nsungwi yaitali, poti nyanja yathu ya Chilwa si yakuya. Anzawo anagula mainjini kalekale, iwo ayi, ati phokoso limawapweteka mutu. Anyamulamo matumba a mpunga, njinga, mbuzi, amayi oyembekezera, ngakhale maliro. Dimba la mpunga ife tilibe. Bwato limenelo ndiye munda wathu, likagona pamtunda ndiye kuti nafenso tagona ndi njala.

M'bwatomo muli thabwa lina kumbuyo, pafupi ndi pomwe iwo amaima. Ndi la mlombwa, lotakata, lakuda bii chifukwa cha kukhalidwa. Pamenepo amakhazikapo mwamuna ndi mkazi wake basi. Mukhale abwana, mukhale odwala msana, ngati mwabwera nokha mukhala pathumba. Tsiku lina wogula nsomba wa ku Limbe anadzitaya pamenepo ndi kachibwenzi kake. Che Rajabu anangoima ndi nsungwi yawo, bwato osasuntha, mpaka anthu anayamba kudandaula. Kenako anati, "Akazi anu ndimawadziwa, ndi a Edina. Sunthirani pathumba apo." Kuyambira pamenepo amayi a padoko amati ukwati womwe sunakhale pathabwa la Che Rajabu sunapse. Akwati a ku Chisi amasiya maboti othamanga n'kudikira iwo. Ine ndinawafunsapo kuti lamuloli analitenga kuti, anangoti, "Ndi thabwa basi." Ndipo ine mwini wake ndinali ndisanakhalepo, poti amuna anga nthawi zonse amakhala ataima.

Chaka chatha, anthu akumweta mpunga, padoko panatsika abambo awiri panjinga zamoto. Anachokera ku Songani kudzera kwa Kuntumanji, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Wamtali waimvi anali a Dunstan, wamfupi wa magalasi anali a Edwadi. Anakhala pabenchi langa n'kuitanitsa tiyi.

"Mayi, gombe la mchenga lili mbali iti?" anafunsa a Edwadi.

Ndinaseka mpaka ketulo inagwedera. "Mchenga? Bambo, kuno ndi matope, bango ndi udzudzu. Amene anakunamizani akubwezereni mafuta. Mchenga uli ku Mangochi."

"N'komwe tikuchokera," anatero a Dunstan.

Anafotokoza pang'onopang'ono, akuyang'ana m'kapu. Amakhala ku Blantyre. Anadikira chaka chathunthu kuti tchuthi chawo chikumane, akapume kunyanja monga amachitira anthu ena. Pamalo ogona alendo pomwe anafikira anagona tsiku limodzi lokha. M'mawa mwake, pochokera kumadzi, anapeza zikwama zawo zili panja, ati chipindacho chafunidwa ndi anthu ena. Mayi wophika pamalopo, a Violet, kwawo ndi konkuno kwa Mwambo. Ndiwo anawatsatira kugeti n'kuwanong'oneza kuti, "Ngati mukufuna madzi, pitani kwathu ku Kachulu mukafunse Che Rajabu."

Chifukwa chomwe anawathamangitsira sananene, koma ine maso ndili nawo. A Dunstan anathira shuga m'kapu ya mnzawo osafunsa, n'kuvundula. A Edwadi ananyema chitumbuwa, mbali yopserera n'kupatsa a Dunstan, mwina ndiyo amaikonda. Mphete zawo zinali zofanana. Apo ndinazindikira kuti awiriwa amakhala ngati banja. Ine ndinakulira kumadrasa, zimenezi sindinaphunzitsidwe kuti n'zabwino, komanso ndimadziwa kuti nkhani yotere imafika mpaka kupolisi.

Si ine ndekha ndinaona. Alli, mmodzi mwa akabaza omwe anawabweretsa, anali atamva m'njira wina akuitana mnzake kuti wapamtima. Ndiye Alli ameneyo ndi wailesi. Tiyi asanazizire n'komwe, doko lonse linali litadziwa. Palibe anatola mwala, ayi. Koma osoka maukonde anasiya kusoka, amayi oyanika matemba anaweramuka, kuseka konse kunatha.

Ndinathamangira kubwato, komwe amuna anga ankalongedza matumba. "Bambo a Nasra, akubwerawo akaneni," ndinanong'ona. "Mukalephera kukana, muwaike kutsogolo kuseri kwa matumba, wina uku wina uko. Mwandimva?"

Iwo anangopitiriza kulongedza matumba. Alendowo atafika anawapatsa moni ndi manja awiri, n'kuwayang'ana nthawi yaitali monga amayang'anira mitambo asananyamuke.

"Mwakhala limodzi nthawi yaitali?" anafunsa.

A Edwadi anazyolika. A Dunstan anayang'ana anthu omwe anazungulira. Akanatha kunama kuti ndi pachibale, ndipo ine ndinkapemphera kuti aname.

"Kuyambira tsitsi ili lisanayere, bambo," anatero.

Che Rajabu anatenga kansanza, anapukuta thabwa lija kuyambira uku mpaka uko, osafulumira.

"Khalani apa."

Alendowo sanadziwe kuti apatsidwa chiyani, anangothokoza n'kukhala. Omwe anali atakwera kale anayamba kutsika mmodzimmodzi, akukoka katundu wawo m'matope. Ndinatsala ine ndekha pafupi ndi bwato. Ndinalumphiramo chifukwa ndinkafuna kuwalalatira amuna anga pakati pa nyanja, pomwe sakanandithawa.

Koma kulalata kuja sikunatuluke. Tinadutsa mumkwasa, kanjira ka mabwato ka m'bango, bango likukhula m'mbali mwa bwato, kenako mwadzidzidzi nyanja inatseguka. Ine ndinabadwira pano, ndaiwoloka kosawerengeka, koma nthawi zonse ndimakhala ndikuwerama, kuteteza dengu langa. Tsikulo ndinaiona ndi maso a alendo, ndipo ndinachita mantha ndi kukula kwake. Madzi anali bata, osaoneka pomwe athera ndi pomwe thambo layambira. Phiri la Chisi linali kutsogolo, lina litagona chadodolido m'madzi. Atsekwe anadzuka m'bango onse pamodzi, ambiri moti mthunzi wawo unatidutsa pamwamba, phokoso la mapiko likumveka m'chifuwa. A Edwadi anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso.

Bwato litapendeka pang'ono a Edwadi anagwira bondo la mnzawo, kenako anakumbuka kuti tilipo, n'kuchotsa dzanja msanga ngati agwira mphika wotentha. A Dunstan analigwira dzanjalo n'kulibwezera pomwepo. Anayang'ana amuna anga. Amuna anga ankayang'ana madzi.

"Sitinayambe takhalapo chonchi masana, anthu akuona," anatero a Edwadi. Misozi inkatsika koma sanaipukute.

Tinadutsa pafupi ndi zimbowera, timisasa ta udzu toyandama tomwe asodzi amamanga pakati pa nyanja n'kumakhala momwemo miyezi. Apo ndiye ndinadabwa. Che Rajabu, munthu wosowa mawu uja, anayamba kufotokoza mmene amapindira udzu, mmene amayalira dothi poika moto kuti msasa usapse, mmene mphepo imaugwedezera munthu uli mtulo. Anayankhula tsiku limenelo kuposa mwezi wathunthu wa kunyumba. Pobwerera sanawatsitsire pa Kachulu. Anakawasiya padoko lina laling'ono chakumpoto, kwa wakabaza wachikulire yemwe amamukhulupirira, ndipo anachoka bwinobwino dzuwa likadali m'mwamba.

Iwo anapita, ife tinatsala. M'mawa mwake m'bwato simunakwere munthu. Mkuja chimodzimodzi. Che Rajabu ankapita padoko monga mwa masiku onse, kukapa madzi, kupukuta thabwa, n'kukhala tsonga mpaka madzulo. Tiyi wanga naye ankazizirira m'ketulo. Kenako kunyumba kunabwera akuluakulu a padoko. Sanabwere ndi ukali, anthu ake ndi oti takhala nawo pamaliro ndi pamaukwati. Anati thabwalo ladetsedwa, palibenso mkwati angakhalepo. Alizule, aliwotche anthu akuona, ndipo nkhani ithera pomwepo, anthu abwerera.

"Ndamva," anatero amuna anga. Koma thabwa osazula.

Mpunga unatha kumwetedwa, matumba onse a ku Chisi anawoloka m'maboti a anthu ena. Ufa m'nyumba unafika pansi pa ndowa. Ndinayankhula, ndinalira, ndinaopseza kuti ndipita kwa mwana wathu Nasra ku Zomba. Iwo ankangodzuka n'kupita kubwato kwawo. Tsiku lina m'mawa ndinatenga hamala n'kulunjika kudoko ndekha. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bwato.

"Sunthani," ndinatero. "Tife ndi njala chifukwa cha anthu oti ngakhale kwawo sitikudziwa? Kathabwa aka kakuposa ine?"

"Khalani pansi, mayi a Nasra."

"Sindikhala."

"Achimwene anga a Swalehe mukuwakumbuka?"

Ndinkangowamva mbiri. Anamwalira ndi kolera ine ndisanalowe m'banjamo. Ndinkadziwa kuti anali msodzi, sanakwatire, ankakhala pachimbowera ndi mnzawo wina Mlomwe wa kutchalitchi, dzina lake Anthony.

"Thabwa ili linali pakhomo pa chimbowera chawo," anatero. "Ankakhalapo awiri madzulo, kusoka ukonde umodzi, wina mbali iyi wina mbali iyo. Ine ndinkawapititsira ufa ndi mchere, ndinkaona. Kolera itawagwira achimwene, asodzi onse anathawa, chimbowera chija ankachilambalala patali. A Anthony sanachoke. Ankawasambitsa, kuwachapira, kuwamwetsa madzi ndi supuni, mutu uli pamiyendo pawo. Achimwene anatsirizikira pathabwa pomwepa. Maliro titafika nawo padoko, abale anati a Anthony asatsatire, si m'bale, si Msilamu. Anatsala ataima m'madzi ofika m'mawondo, akuyang'ana tikupita."

Anasisita thabwalo ndi chikhatho.

"Pambuyo pake anandipatsa ili, ati sangathenso kuliona. Mayi a Nasra, ine ukwati ndinauphunzira pamenepa. Muja munadwala pobereka Nasra, anthu n'kumandiseka kuti mwamuna akuchapa nsalu za mkazi, ndinaonera kwa a Anthony. Ndiye ndilizule chifukwa pakhala anthu onga eni ake?"

Hamala inandilemera m'manja. Ndinawayang'ana bambo amenewa, okalamba, miyendo yong'aluka ndi matope, ndipo ndinachita nawo mantha ngati mmene ndinachitira ndi nyanja tsiku lija. Zaka zonsezi akwati akhala akulimbirana thabwa limeneli kuti ukwati wawo upse, osadziwa kuti anayamba kukhalapo ndani. Ndipo iwo ankangoima kumbuyo ndi nsungwi yawo, osanena kanthu.

"A Anthony anamwalira liti?" ndinafunsa.

"Alipo. Ufa umene mumandimangira Lachinayi lililonse uja."

Ufa uja amuna anga amangoti ndi wa agogo a ku Chisi. Ndakhala ndikumanga kaufa kameneko kuyambira ndili mkwati, ndikung'ung'udza kuti tikudyetsa munthu wosamudziwa.

Linali Lachinayi. Ndinabwerera kunyumba, ndinakokota ufa womwe unatsala, ndinavala chitenje changa cha pa Idi. Padoko anthu anali atachuluka, Alli ali pomwepo panjinga yake. Ndinakwera m'bwato n'kukhala pathabwa lija, dengu pamiyendo. Linali lofunda ndi dzuwa, ndipo ndinamva kuti lili ndi malo awiri olowa pang'ono, pomwe anthu akhala akukhala.

"Mukuyang'ana chiyani?" ndinawafunsa a pamtunda. "Simunaonepo mkazi wa mwini bwato?"

Sindinganame kuti anthu onse anabwerera. Ena anabwerera chifukwa injini zimafa ndipo mafuta amasowa, ena mpaka lero akationa amayang'ana kumbali. Bwato limadzaza theka, ndipo nyama timaionera pa Idi. Thabwa lilipo.

Ku Chisi tinakwera kanjira ka m'miyala mpaka pakanyumba kofolera udzu. Pakhonde panali nkhalamba yowonda, maso oyera ndi ng'ala, ikusoka ukonde ndi zala zokha. Amuna anga anaima patali. Ine ndinafika pafupi, ndinatula dengu, ndinagwada.

"Ndine Sauda, mkazi wa Che Rajabu," ndinatero. "Muli bwanji, alamu?"

Zala zija zinaima. Nkhalambayo inatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwake, kuti ione amene ndikumupatsa moni. Kumbuyoko kunali khoma lokha.