Dimba la Amayi Linawoloka Mtsinje

Atate asanamwalire anagawana dimba la makolo ndi mng'ono wawo, ndipo sanavutike n'kukhoma zikhomo. Anangoti malire ndi mtsinje: tsidya lino ife, tsidya linalo atate aang'ono. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa. Anthu awiri akuluakulu, obadwira ku Kasenengwa komweko, n'kusankha malire oyenda!

Dimba lathu linali pamene mtsinje umakhota, mbali imene madzi amagunda. Ndili mwana silinali vuto. Mvula ikagwa madzi ankafiira masiku ochepa, kenako n'kuyera mpaka kuona timiyala ta pansi. Koma mitengo ya m'mapiri itathera m'masaka a makala, minda nayo itafika m'mphepete mwenimweni mwa madzi, mtsinje unasanduka phala. Unkafiira kuyambira mvula yoyamba mpaka nthawi yokumba mtedza. Ukatunga m'ndowa, mawa lake unkapeza matope okwanira kuzira pakhonde. Feteleza amene amayi ankathira ankasungunuka n'kutsata njira yomweyo.

Chaka ndi chaka gombe lathu linkagumuka. Unapita mzere wa nzimbe, zinapita nthochi, chinapita chitsime. Chopweteka n'chakuti madzi akaphwa, tsidya linalo kunkatsala malo atsopano, dothi lakuda bii, lofewa. Atate aang'ono ankangodzalapo repu ndi tomato popanda manyowa alionse, ife tikuonerera.

Nthawiyo n'kuti nditayamba ntchito ku Chipata, ndiye ndinkabwera ndi nzeru zanga za m'tauni. Tinadzaza mchenga m'masaka n'kusanja m'gombe, tinadzala bango, tinakhoma mitengo. Mvula ya Januwale inakokolola zonsezo tsiku limodzi.

"Amama, tiyeni kutauni," ndinawachonderera. "Mulimbana ndi madzi mpaka liti?"

"Iwe, ndizikagula repu pamsika ngati ndilibe manja?" anandiyankha.

Ndinawamvetsa ngakhale ndinkawakalipira. Atate atamwalira, munda wakumtunda unabwerera kwa abale awo. Dimbalo ndilo lokhalo linatsala m'manja mwa amayi.

Loweruka lina m'nyengo yozizira ndinafika kumudzi n'kupeza nyumba yotseka. Nditatsikira kumtsinje, ndinawaona amayi ali tsidya linalo, chitenje atakwinyira m'mawondo, akukumba dothi la atate aang'ono n'kumathira m'beseni. Eni dimba anali akubwera chapoteropo, khasu paphewa. Ndinawoloka mothamanga. Kunena zoona, mkanganowo ndinkaufuna, chifukwa mawu ndinali nditawasunga kalekale.

"Alamu, mukutani?" anafunsa atate aang'ono.

"Ndadzatenga dothi langa," anatero amayi osadzutsa mutu.

Bamboyo anayang'ana besenilo, n'kuyang'ana gombe lathu logumuka lija. "Ndi lanu ndithu, alamu. Ine sindinaliitane." Anapita kukatenga wilibala n'kuyamba kuwathandiza kukumba.

Palibe chimene chinandinyansa ngati chimenecho. Munthu usunge mkwiyo zaka zonsezi, n'kusowa woukhuthulira! Ndinawauza atate aang'onowo kuti m'malo motopetsa nkhalamba, angowadulira amayi kachigawo tsidya lomwelo. Anapukusa mutu mwaulemu wonse.

"Mwananga, malire anaika ndi akulu anga, ndipo anapita. Ine ndingawasunthe bwanji?"

Malirewo anali akudzisuntha okha chaka chilichonse, koma iwo ayi, sakanatha kuwakhudza.

Chilimwe chonsecho amayi anatuta dothi pamutu, kuwoloka ndi kubwerera, mpaka khosi linauma. Anaunda mabedi ochepa pa kamalo kotsalako. Repu wake anakula masamba ngati a fodya, ndipo ananditumizira mtolo pa minibasi kuti ndione ndekha. Mvula itabwera, madzi anatenga mabediwo pamodzi ndi gombe limene anakhalapo. Panatsala kamzere kosakwana kuyalapo mphasa.

Amayi anabwera okha ku Chipata, osawaitana, ndi beseni lodzaza zovala. Za dimba sanazitchulenso, ndipo nane ndinkaopa kuziputa.

Patapita nthawi maso awo anayamba kuvuta, ndiye ndinawatengera kuchipatala ku Lusaka. Inali nyengo yamvula. Basi itachepetsa liwiro pa mlatho wa Luangwa, amayi anasuzumira pawindo. Madzi anali ofiira kuchokera gombe lina kufika linzake, akuyenda mwaulesi, atasenza zitsa ndi zinyalala. Pakamwa panga sipakhala chete, ndinawauza kuti mtsinje wathu uja umathera muno, ndipo zonse zimene umakokolola kwathu zimadutsa pansi pa mlatho umenewu.

Anakanikiza chipumi pagalasi mpaka tinawoloka. Ndinkayembekezera kuti atukwana, ndipo ndikanawathandiza. Koma anangondigwira dzanja n'kufunsa motsitsa mawu.

"Nanga kumene dothi langa likupitako, alipo wolimapo?"

Ndinawauza kuti sindikudziwa.