Tsiku Limene Ndinasokoneza Ndime Mwadala

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali m'kalasi yachisanu ku Fingoe, pamene kunabwera mphunzitsi watsopano wochokera ku Tete, apulofesolo Zakeyu. Anali munthu wosaseka wamba, ndipo ankayenda ndi kabuku kakuda m'thumba la malaya. Pamsika anthu ankanong'onezana kuti anatumidwa ndi boma kudzafufuza okumba golide popanda chilolezo. Bambo anga anali mmodzi wa okumbawo.

Tsiku lina anatiphunzitsa kulemba ndime, imene iwo ankaitcha paragrafu. Anati chiganizo choyamba chinene nkhani, zotsatira ziichirikize, chomaliza chimange mfundo. Kenaka anatipatsa mutu woti tikalembe kunyumba: ntchito ya bambo anga.

Mayi atamva anasiya kupeta, lichero lili m'manja.

"Waona? Ayambira kwa ana. Usalembe za kumgodi, wamva?"

Ndinalemba zosokonekera mwadala. Mbuzi, mvula, njinga yophwa tayala, chimanga chofumbwa, zonse ndinaziunjika pamodzi.

M'mawa mwake, anzanga atatuluka, apulofesolo anandiuza kuti nditsale. Malata ankathetheka ndi dzuwa, ine thukuta lili kamukamu.

"Rozina, iwe sulemba chonchi. Chiganizo chilichonse chikuthawa chinzake. Ukubisa chiyani?"

Atapisa m'thumba n'kutulutsa kabuku kaja, ndinaona ngati bambo amangidwa kale. Anakatsegula pamaso panga. Munali mayina athu, ndi zimene aliyense ankalakwitsa polemba. Pa dzina langa panalembedwa kuti ndimaiwala mpumiro.

"Chimene sukufuna kunena usanene," anatero. "Koma sankha chinthu chimodzi chimene sukuchiopa, uchigwire mpaka kumapeto."

Ndinakhala pansi n'kulemba za manja a bambo. Ndinayamba ndi kunena kuti ndi olimba. Ndinatchula ming'alu yake, mipini imene ankasema, ndi momwe ankatinyamulira powoloka mtsinje m'dzinja. Ndinamaliza ndi kunena kuti manjawo ndiwo ankatisunga. Apulofesolo anawerenga kawiri, n'kundibwezera pepala losokonekera lija osafunsanso kanthu.

Mayi sanawakhulupirire mpaka tsiku limene anasamutsidwa. Kaya za kumgodi ankazidziwa, ineyo sindidziwa mpaka lero.

Tsopano nanenso ndimaphunzitsa, ku Chiputo. Mwana akandipatsa ndime yodumphadumpha, sindithamangira kunena kuti ndi wogona m'mutu. Kawirikawiri amadziwa bwino lomwe zoti anene, koma pali chimene akuopa. Ndimayamba ndamuchotsa manthawo, za dongosolo la ziganizo zimabwera pambuyo.