Matimati a mkamwini

Amuna anga atabwerako ku Joni ulendo woyamba, sanabweretse njinga yamoto ngati anzawo. Anatsika minibasi ndi sola ziwiri zokulunga mu bulangete, ndi kapampu kotalika ngati mkono wangawu. Ndinakwiya, sindinama. Akazi anzanga kuno ku Utale ankakwezedwa pa njinga zonyezimira, ine andibweretsera magalasi. Iwo anangoti, "Mayi a mwana, izi ndi zoti ndisadzabwererenso kumene kuja." Mawu amenewo ananditsitsa mtima, chifukwa mwana wathu wachiwiri anabadwa iwo kulibe, ndipo ankawathawa ngati mlendo.

Anakumba chitsime mumchenga wa mtsinje wa Rivirivi, kumunsi kwa dimba la mayi anga. Mapaipi atawaperewera, anawonjezera nsungwi zoboola, molumikizamo akumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Anthu ankabwera kudzaseka. Dzuwa litakwera, madzi anatulukira okha kumtunda popanda wosenza ndowa, ndipo osekawo anayamba kufunsa mafunso. Chaka chimenecho matimati athu anapsa mu Okutobala, madimba ena onse ali fumbi lokhalokha. Mavenda a ku Liwonde ankatilondola mpaka kudimba, n'kumalimbirana madengu. Tinafolera nyumba ndi malata, ndipo mwana uja anayamba kutsatira bambo ake kulikonse.

Koma amuna anga ndi mkamwini. Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, amalima nthaka ya apongozi, ndipo mawu oti iyayi satuluka pakamwa pake chisawawa. Chaka chotsatira malume anga anafika kudimba, n'kukhala pa chitsa.

"Akamwini, madzi onsewa azingothera pano? Abale anuwa simukuwaona?"

"Madzi ndi a tonse, amalume," anayankha amuna anga, maso ali pansi.

Anayamba malumewo, kenako achemwali anga, kenako ana a mayi aang'ono. Aliyense ankazula mbande pa nazale yathu, ndipo pampu inkayenda dimba ndi dimba. Ena anatumiza uthenga kwa ana awo ku Joni kuti awagulire yawoyawo. Ndinawauza amuna anga kuti awalangize, ena abzale anyezi, ena mpiru, tisathamangire chinthu chimodzi tonse. Anayesa kamodzi. Achemwali anawafunsa ngati akufuna kulemera okha pa nthaka ya eni, ndipo sanabwerezenso. Ine ndinalalata mpaka kusasa mawu, koma abalewo anangoti malata andipatsa matama.

Matimati onse anapsera limodzi. Mavenda atabwera n'kuona kufiira kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, anayamba kutchula mitengo yachipongwe, akuseka. Kuno kulibe fakitale, kulibe kosungira zinthu zosachedwa kuwola, ndipo msewu wathu magalimoto aakulu amaukana. Amuna anga anamanga madengu pa njinga yakapalasa ulendo wa ku Balaka, koma anakapeza a ku Kalembo atandanda kale ndi awo. Anabwerera madzulo madengu akudontha, thalauza lonse litafiira. Tinawathirira mbuzi, mpaka mbuzi zomwe zinayamba kungonunkhiza n'kuchokapo. Fungo la kudimba la masiku amenewo ndimalimvabe m'mphuno.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti abale anga omwewo anatembenuka. Ankati mkamwini wawapusitsa, wawalimitsa zowola. Pa maliro amuna anga ankakhala okha kumapeto kwa benchi. Sanadandaule kwa aliyense, koma anasiya kulawirira kudimba, ndipo tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupukuta chikwama chimene anabwera nacho kuchokera ku Joni. Ndinalowa m'nyumba n'kukalira.

Ananyamuka mvula isanagwe. Pa siteji mwana anawakakamira mwendo, ndinachita kumukanganula chala chimodzichimodzi. Pampu ili pansi pa bedi, ndinaikulunga mu bulangete lomwe lija. Sola ndinazikweza padenga, ndipo zimagwira bwino ntchito, sizinavutepo n'kamodzi komwe. Ndi zimene ndimatchajira foni, kuti amuna anga, a Lamulungu, akamaimba kuchokera ku Joni asaipeze yozima. Abale anganso amabweretsa mafoni awo, poti ana awo ali komweko. Malume amafika okha, n'kukhala pakhonde kudikira kuti yawo idzaze, ndipo sindiwakaniza.