Mbale Imene Mayi Lombe Anaikana Katatu

Ku fakitale yodinda mbale za nyimbo ku Ndola, Mayi Lombe ankadyera khutu lawo. Mbale iliyonse yatsopano ankayamba aimvetsera iwo, ndipo pakamveka kukalika kapena kulumpha, ankaibweza. Popanda siginecha yawo palibe nyimbo inkatuluka pageti. Izi ankazidziwa, mwinanso mopitirira muyeso.

Mu 1976 kunabwera mbale ya Katongo, woimba gitala wa ku Luanshya amene ankavala majombo a mumgodi ngakhale ku ukwati. Mayi Lombe atangotsitsa singano, nkhope inachita makwinya. Gitala ankalira ngati chitseko chadzimbiri, ng'oma zikuthamanga pazokha, ndiye pakati penipeni zonse zii, kenaka go! go! go! Iwo anati makina aononga mbale. Anaibweza katatu, mpaka bwana ananena kuti ikakanidwanso, za Katongo zithere pomwepo.

Katongo anabwera yekha, majombo ali gwa gwa.

"Mayi, ndinakulakwirani chiyani ine?"

"Achimwene, zaka khumi ndikumvetsera mbale pano. Imeneyi ndi nyimbo, kapena mphaka wagwera m'diramu?"

"Mphakayo musiyeni, ngwanga," anatero Katongo akuseka. "Inu mungowerengako kugogodako basi."

Mayi Lombe anaikanso mbaleyo n'kuwerenga monyinyirika. Katatu, kupuma, katatu. Malemu bambo awo ankagwira ntchito pansi pa mgodi, ndipo iwo ali kamtsikana ankaima pampanda wa waya wa mgodiwo kudikira belu logogoda momwemo, lodziwitsa kuti chikepe chikukwera ndi anthu. Anabweza singano poyambira. Ulendo uno anamva zonse: makina akuboola mwala, madzi akudontha, mdima uja wa zii, kenaka gitala akukwera pang'onopang'ono mpaka kukafika poyera. Analira osachita manyazi.

"Kuimba kokha mumaimba moipa," anatero akupukuta misozi ndi chitenje, "koma anthu atuluka amoyo." Anasaina.

Mbaleyo sinayende malonda kwenikweni, tisanamizane. Koma imodzi inakakhala kunyumba kwa Mayi Lombe, ndipo pakutha pa chaka ankang'ung'udza ngakhale malo a mphaka aja akuchapa. Lamlungu lililonse akaiika, ana awo ankathawira panja atatseka makutu. Iwo ankawaleka mpaka pa zii paja, kenaka n'kusuzumira pakhomo.

"Bwerani msanga inu, agogo anu akukwera!"