Kuzulira Mpunga ndi Zala

Chaka chimene maso anga anazimiratu, amuna anga anaitanitsa mng'ono wanga kuti adzatithandize kumunda wa mpunga. Kuchipatala ku Boma anali atandiuza mosabisa kuti mitsempha ya maso yafa, sindidzaonanso. Ndinalira mpaka kutopa, kenaka ndinayamba kukhalira makutu.

Kwathu kuno mwamuna ndi mng'ono wa mkazi wake amaseleulana. Kuyambira kale amuna anga ankamutcha mtsikanayo "mkazi wanga wamng'ono," ine n'kumaseka nawo. Koma nthabwala yotere imakoma pamene ukuona nkhope za anthu akusekawo. Tsopano m'mawa ndinkakhala pakhonde, kumamva kuseka kwawo kukutsetsereka kulowera kumtsinje wa Bua, ine n'kutsala ndi nkhuku. Nsanje inkandiotcha pachifuwa, sindibisa. Munda umenewo tinauswa awiri, ine ndi bambo amenewa, ndipo malo anga m'matope anali atatengedwa ndi munthu wa maso owala.

Nthawi yozulira udzu itakwana, ndinakakamira kuti anditenge. Anandigwira dzanja mpaka m'munda, ndinawerama n'kuyamba kuzula ndi mphamvu zanga zonse. Patapita kanthawi mng'ono wanga anati motsitsa mawu, "Achemwali, umene mukuzulawo ndi mpunga."

M'madambo athu muli udzu wina umene umamera ngati mpunga weniweni, ukakhala waung'ono ngakhale wamaso umamupusitsa. Ine ndinali nditazula mpunga mzere wonse, udzuwo n'kuusiya uli chilili. Amuna anga sanakalipe. Anangoti, "Amake ana, muzipuma kunyumba. Alamu alipo." Bola akanakalipa.

Pobwerera ndinauza mng'ono wanga kuti andizulire phata la mpunga ndi phata la udzuwo, mpunga andipatse kumanja, udzu kumanzere. Kupempha iyeyo kunandiwawa, koma ndikanapempha ndani? Ndinakazibzala m'mabeseni awiri akutha kuseri kwa bafa, ndipo tsiku lililonse iwo akangochoka ndinkakhala pamenepo kumapapasa. Masamba ankandicheka zala. Kwa masabata zonse zinkangomveka chimodzimodzi, moti tsiku lina ndinakankha beseni ndi mwendo chifukwa cha ukali, kenaka n'kukwawa kutoleranso matope ndekha. Ndinayambanso. Potsiriza chala chinapeza chimene ndinkafuna. Pamene tsamba limapatukira pa phesi, mpunga uli ndi tinthu tiwiri taubweya tokumbatira phesilo, pamene udzu uja ndi wosalala, ndipo tsinde lake m'munsi ndi laphwatalala. Zaka zonse ndili ndi maso sindinazidziwe zimenezi.

Tinali ndi puloti ina yaing'ono kufupi ndi mudzi, imene iwo anaisiya kaye chifukwa cha ntchito ya kumunda waukulu. Ndinatenga ndodo yoyera imene anandipatsa kuchipatala, yomwe ndinkadana nayo ngati mdani, n'kuyamba kuphunzira njira. Ndinagwera m'ngalande, bondo n'kutupa. Misundu inkandiyamwa m'miyendo ine osadziwa mpaka itakhuta. Tsiku lina ndinazulira m'mawa wonse m'munda wa eni, mwini wake n'kundithokoza akudzigwira kuti asaseke. Zitatero ndinamanga chingwe m'malire a puloti yathu kuti ndisasocherenso. Amayi odutsa ankandifunsa kuti ndikudzivutiranji pomwe wondilimira alipo, ndipo mawu amenewo ndi amene ankandibwezera m'matope. Ndikamaliza ndinkasamba pamjigo n'kukakhala pakhonde ngati sindinasunthe.

Masana ena amuna anga ndi mng'ono wanga anadzera kupuloti ija pochokera kumtsinje. Atafika pakhomo ndinamva amuna anga akuti, "Mkazi wanga wamng'ono, muja mwazulira liti? Mwayera bwino zedi, palibe ndi mpunga umodzi womwe wozuka."

Ndinakhala chete dala kuti ndimve ngati mtsikanayo alandire chiyamiko changa.

"Alamu, ine muja sindinapondemo," anatero.

Ndinatambasula manja anga. Amuna anga anawagwira, n'kumayendetsa chala chawo m'mabala onse, ndipo ndinamva mpweya wawo ukusintha. Ndinayembekeza kuti andiyamikira, koma iwo anangofunsa kuti ndinkapita ndi yani. Ndinati ndi ndodo.

M'mawa mwake anaima pakhomo nati, "Amake ana, tiyeni, dzuwa likutisiya." Njira ya m'dambo ndi yopapatiza, anthu amayenda mondondozana. Amuna anga anatsogola, mng'ono wanga n'kufuna kuwatsatira kuti ine ndigwire phewa lake. Ndinamukankha pang'ono ndi chigongono, ndinaika dzanja paphewa la amuna anga, iye n'kubwera pambuyo. Mtsikanayo sanandilakwire chilichonse, ndikudziwa. Komabe mpaka tsiku limene anakwatiwa n'kuchoka, ndinkayenda pakati pawo.